Malo akale ochezerako kunyanja: kukonzanso, kugumula kapena kuwasiya momwemo?

Mu Epulo 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, msinkhu umene unali usanaoneke kwa zaka zambiri. Ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay mchenga umene alendo ankaotherapo dzuwa unamira, mabala a m'mphepete mwa madzi anatsekedwa, ndipo m'malo ena mafunde ankamenya pakhomo pa zipinda zogona. Madzi atayamba kubwerera, eni malo anatsala ndi makoma ang'alu, mapaipi odzaza mchenga ndi funso loti abwezeretse zomwe zinalipo kapena amange zatsopano.

Mkanganowo sunayambe ndi madzi. Alipo amene akhala akunena kuti malo athu ambiri akunyanja anatsalira, moti mlendo wa ndalama zake amasankha Zanzibar kapena Victoria Falls. Alipo ena amene amati chimene chimakoka anthu ku Cape Maclear ndi Chintheche ndi bata, madzi oyera ndi mudzi wamoyo, ndiye mukathirapo simenti yambiri mupha chimene mukugulitsacho. Nthawi zambiri magulu awiriwa sanena za ntchito imodzi. Wina akati "zamakono" akuganiza za Wi-Fi ndi shawa yotentha, mnzake akumva za chinyumba cha nsanjika zisanu chotchinga doko la asodzi.

Malo amakalamba bwanji?

Mu 1980 katswiri wa za malo Richard Butler anafotokoza njira imene malo okopa alendo amadutsamo, ndipo ophunzira za ntchitoyi amaigwiritsabe ntchito. Poyamba pamabwera alendo ochepa olimba mtima, ogona paliponse. Anthu a pamalopo amayamba kuwaphikira ndi kuwamangira timanyumba. Kenako amabwera a ndalama n'kumanga mahotela, chiwerengero cha alendo n'kukwera mpaka kufika poima. Apo ndiye pamphambano: malowo amatha kutsika pang'onopang'ono, kapena kudzukanso ngati papezeka china chatsopano chowakokera anthu.

Gombe lathu lili ndi zitsanzo zake. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa England ndi South Africa, zinayamba kuima pa Cape Maclear, ndipo apaulendo ankagona pa hotela ya pamenepo. Mu 1950 ulendowo unathetsedwa, ndipo hotelayo sinakhalitse. Makoma ake anali asanakalambe. Chimene chinatha ndi njira yobweretsa alendo. Ku Senga Bay nkhani inayenda mwina: Grand Beach Hotel ya nthawi ya atsamunda yakhala ikukonzedwa ndi kusinthidwa dzina mpaka lero ndi Sunbird Livingstonia Beach, ndipo mu 2021 pafupi nayo panatsegulidwa Sunbird Waterfront, yomangidwa chatsopano. Sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, alendo ena amaikwera chifukwa cha ukale wakewo.

Ndiye kukalamba kuli pawiri. Pali ukale umene mlendo amalipira kuti auone, monga khonde lalitali, mitengo ikuluikulu ndi denga la udzu. Pali kutha, kumene palibe amalipira: matiresi obowoka pakati, mpope wodontha, soketi yakuda ndi kupsa, fungo la chinyontho m'bafa.

Kunyanja kuthaku kumafulumira kuposa ku Lilongwe. Chinyontho chimadyetsa dzimbiri mahinjesi, maloko ndi misomali ya denga. Chiswe chimalowa m'mafelemu a zitseko. Mwera, umene umaomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, umaponya mchenga ndi madzi pa makoma oyang'ana kunyanja, penti n'kumasupuka. Denga la udzu limafuna kupesedwa ndi kuwonjezeredwa udzu pakapita zaka zochepa, makamaka pamsonga pomwe mvula imayambira kulowa. N'chifukwa chake mahotela oyendetsedwa bwino amapatula pakati pa 3 ndi 5 kwacha pa 100 iliyonse yolowa kuti ikhale ya kusintha katundu wotha. Makatani, matiresi, penti ndi mipando zimasinthidwa pakatha zaka 5 mpaka 7. Mabafa, mawaya ndi mapaipi pakatha zaka 12 mpaka 15 kapena kupitirirapo pang'ono. Loji imene yadya ndalama imeneyi kwa zaka 20 imadzafuna zonse nthawi imodzi, ndipo apa m'pamene mwini wake amayamba kulankhula za kugumula.

Masamu a chipinda

Usipa wosagulidwa lero amauyanika pa thandala n'kukaugulitsa sabata yamawa. Usiku wa chipinda suyanikika: chipinda chikagona chopanda munthu Lachiwiri, ndalama ya Lachiwirilo yapita. Choncho a mahotela amayang'ana manambala awiri. Yoyamba ndi kudzaza kwa zipinda, kutanthauza kuti pa zipinda 100 zilizonse zomwe zikanagulitsidwa, zagulitsidwa zingati. Yachiwiri ndi mtengo wapakatikati wa chipinda usiku umodzi. Mukachulukitsa ziwirizi mumapeza chimene amachitcha RevPAR, ndalama imene chipinda chilichonse chimabweretsa pa usiku, kaya mwagona munthu kaya ayi.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Loji ili ndi zipinda 20, ndiye pa chaka ili ndi mausiku 7,300 ogulitsa. Ikadzaza 35 pa 100 pa mtengo wa K100,000, yagulitsa mausiku 2,555 n'kupeza K255.5 miliyoni, RevPAR yake ndi K35,000. Mwini wake akongola K300 miliyoni, K15 miliyoni pa chipinda, kuti aike mabafa atsopano, ma AC (makina oziziritsa m'chipinda) ndi mipando. Ngati chiwongoladzanja ndi 30 pa 100, chaka choyamba afunika K90 miliyoni ya chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo asanaikhudze. Chiwerengero chimenechi si chokokomeza: mu 2024 chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinali pa 26 pa 100, ndipo mabanki amaika chawo pamwamba.

K90 miliyoniyo ichokera kuti? Akasiya mtengo momwemo, ndipo mlendo aliyense amamudyera K30,000 pa magetsi, sopo, kuchapa ndi chakudya cham'mawa, chipinda chimatsala ndi K70,000. Afunika mausiku ena pafupifupi 1,290, kutanthauza kudzaza kuchoke pa 35 kufika pa 53. Njira ina ndi kukweza mtengo kufika cha m'ma K135,000 popanda kutaya mlendo ndi mmodzi yemwe. Zonse ziwiri n'zovuta pa gombe limene limadzaza Lachisanu ndi Loweruka, pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa holide ya Tsiku la Amayi mu Okutobala, koma pakati pa sabata m'miyezi ya mvula n'kukhala zii.

Pamwamba pa izi pali ndalama zakunja. Matailosi, ma AC, mapampu, mabatire a sola ndi zipangizo za m'bafa zambiri zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, aliyense amene anali pakati pa ntchito yomanga anaona bajeti yake ikusungunuka. Loji imene alendo ake amalipira madola imatetezekako. Imene imadalira mabanja a ku Blantyre ndi misonkhano ya mabungwe imalandira makwacha koma imagula zipangizo pa mtengo wa dola.

Zimene mlendo saona

Kuika AC m'chipinda kumaoneka ngati ntchito ya tsiku limodzi. Koma AC ya chipinda chimodzi imakoka mphamvu yoposa kilowati imodzi, ndiye zipinda 20 zikayatsa limodzi ndi makilowati 24 kapena kuposa, osawerengera magiza, mafiriji ndi pampu. Mawaya amene anaikidwa kalekale kuti anyamule mababu ndi mafani amatentha, mabuleka amangogwa, ndipo pansi pa denga la udzu waya wotentha ndi moto. Dongosolo loyenera ndi kuyamba ndi kuyeza mphamvu yonse yofunika, kusintha bokosi la mabuleka ndi mawaya, kufunsa ESCOM ngati thiransifoma ya pafupi ingakwanitse, kenako n'kugula ma AC. Ambiri amayambira kumapeto.

Magetsi akazima, jenereta imamwa pafupifupi malita 0.3 a dizilo pa yuniti iliyonse ya magetsi. Ma AC 20 usiku wotentha wa Novembala angathe kumwetsa malita 50. Amene anadutsa mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, amadziwa kuti kuzima kwa magetsi kungatenge miyezi. Sola imathandiza kwambiri pa kutenthetsa madzi ndi kupopa masana, koma kuyendetsa ma AC usiku wonse kumafuna mabatire odula. Apa nyumba zakale zina zimapambana zatsopano: denga lalitali la udzu, mawindo oyang'anizana ndi khonde lotchinga dzuwa zimaziziritsa chipinda popanda bilu, pamene chipinda cha magalasi akuluakulu oyang'ana dzuwa sichigoneka AC ikazima.

Nkhani yaikulu kuposa zonse ili pansi pa nthaka. Mlendo mmodzi pa hotela ya mashawa ndi zimbudzi zamadzi amagwiritsa ntchito malita 200 mpaka 400 pa tsiku mukaphatikiza kukhitchini ndi kochapira. Alendo 40 pa malita 300 ndi malita 12,000, ndipo pafupifupi magawo anayi mwa asanu a madzi amenewa amatuluka ali oipa. Magombe athu alibe mapaipi a suweji a boma. Pafupifupi aliyense amadalira sepitiki thanki, momwe zolimba zimadikha pansi, ndi sokawe, dzenje limene madzi otsalawo amalowerera m'nthaka.

Sokawe amagwira ntchito ngati pansi pake pali nthaka youma yokwanira, mita imodzi ndi theka kapena kuposa, kuti madzi asefedwe asanakumane ndi madzi a pansi, komanso ngati ali kutali ndi chitsime kapena nyanja ndi mamita osachepera 30. Pagombe zonse ziwiri zimavuta. Mchenga umadutsitsa madzi msanga osawasefa mokwanira, ndipo nyanja ikakwera madzi a pansi amakwera nawo mpaka sokawe kumira. Zikatero zimbudzi zimabwerera m'mbuyo, ndipo zonyansa zimatsetsereka pansi pa mchenga kukatulukira pomwe ana akusambira. Thanki imene inakumbidwira zipinda 8 ikalumikizidwa ku zipinda 25, madzi sakhalitsamo tsiku limodzi kapena awiri ofunika kuti zolimba zidikhe, ndiye zimapita kukatseka sokawe. Mafuta a kukhitchini, ngati palibe kabokosi kowatchera asanalowe m'paipi, amatseka msanga kuposa pamenepo.

Nyanja ya Malawi sitsuka msanga zimene yalandira. Mtsinje wotulukamo ndi Shire yekha, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, kusiya m'mbuyo zimene anabwera nazo. Michere ya m'zimbudzi ndi sopo imameretsa ndere pa miyala, madzi n'kuchita mbuu, pomwe mbuna, tinsomba tamitundumitundu timene tinachititsa kuti Lake Malawi National Park ikhazikitsidwe mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, timafuna madzi oyera. Pali likodzo, limene limafala mkodzo wa wodwala ukalowa m'madzi momwe muli nkhono zonyamula tizilombo take. Pali kolera: mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Mlendo wakunja amawerenga zonsezi asanagule tikiti.

Njira zilipo. Thanki ingamangidwe kumtunda, madzi oipa n'kumapopedwera kumeneko. Madzi otuluka m'thanki angadutsitsidwe m'dambo lochita kupanga, la miyala ing'onoing'ono ndi bango, lomatidwa pansi kuti lisadonthe. Mahotela aakulu amaika makina oyeretsera madziwo n'kuthirira nawo kapinga, koma makinawo amafuna magetsi osaduka ndi munthu wowadziwa. Ku Lake Tahoe ku America, kumene kuyera kwa madzi kunayamba kutsika nyumba ndi mahotela zitachuluka m'zaka za m'ma 1960, anafika poti madzi onse a suweji amawatulutsa ndi mapaipi kunja kwa chigwa cha nyanjayo. Vuto la ntchito yonseyi n'lakuti sioneka pa chithunzi cha pa Facebook, ndiye mwini loji wa ndalama zochepa amayesedwa kuyamba ndi dziwe losambiramo.

Mzere wa 477

Chaka chilichonse nyanja imakwera kuyambira cha mu Disembala, n'kufika pachimake mu Epulo kapena Meyi, kenako n'kutsika ndi pafupifupi mita imodzi. Koma ilinso ndi kukwera ndi kutsika kwa zaka zambiri. Pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka Shire analeka kutuluka. Cha mu 1980 inafika pa mamita pafupifupi 477. Mu 1997, komanso cha mu 2016 ndi 2017, inatsikira m'ma 473, mchenga n'kutambalala. Nyumba zambiri zimene zinamira mu 2024 zinamangidwa m'zaka za madzi otsika, pa malo amene akuluakulu a m'mudzi ankadziwa kuti ndi panyanja.

Bungwe la National Water Resources Authority lakhala likukumbutsa kuti m'munsi mwa mzere wa mamita 477 simuyenera kumangidwa. Eni malo ena amaloza chala Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, yotchinga madzi pa Shire, yomangidwa mu 1965, kuti ikanatsegulidwa kwambiri madzi akanatsika. Oyendetsa chotchingacho ali ndi mbali ina yoti aiganizire: madzi otulutsidwa mopitirira amawononga malo opangira magetsi pa Shire ndi kusefukira ku Chikwawa ndi Nsanje.

Kwa wofuna kukonzanso, izi zikutanthauza kuitana saveya kuti aike chizindikiro cha msinkhu pamalopo pulani isanajambulidwe. Zolimba monga zipinda, khitchini, thanki ndi jenereta zipite kumtunda kwa mzere. Kumunsi kukhale zonyamulika, monga mipando, timisasa ta udzu ndi pokwera pa matabwa. Khoma la simenti lotchinga mafunde limaoneka ngati yankho, koma funde likamenya khoma limabwerera ndi mphamvu n'kukokolola mchenga wa patsinde, khomalo n'kutsala lili lende, ndipo gombe la woyandikana naye limadyeka kumapeto kwa khomalo. Bango ndi mitengo ya m'mphepete, zimene ambiri amazula kuti pakhale mchenga woyera, ndi zimene zimagwira nthaka ndi kusunga ana a nsomba.

Gombe n'la yani?

Malo ambiri a m'mbali mwa nyanja anali a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo mahotela ndi makoteji amakhalapo pa lizi, chilolezo cha boma chokhala pamalo kwa zaka zowerengeka. Loji ikakula, kawirikawiri mpanda umakula nawo mpaka kumadzi. Kwa mlendo ndi chitetezo ndi bata. Kwa mayi amene ankachapa ndi kutunga pamenepo, kapena msodzi amene ankakocheza bwato ndi kuyanika ukonde, ndi ulendo wautali wozungulira. Pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay pali madera amene mipanda yalumikizana motalika moti njira zopita kumadzi zatsala zowerengeka.

Okonda chitukuko ali ndi mfundo zawo zolimba. Hotela yaikulu imalemba anthu ambiri ntchito yokhazikika, imalipira msonkho, imagula chambo, mazira ndi ndiwo zamasamba, ndipo imatha kukoka msewu, magetsi ndi madzi a m'mipope zimene mudzi umapindula nazo. Boma linaika zokopa alendo pamodzi ndi ulimi ndi migodi ngati nsanamira za chuma, ndipo popanda zipinda zabwino zokwanira misonkhano ikuluikulu singabwere kunyanja. Okayikira amafunsa kuti ndalama ya mlendo imatsala zingati pamalopo. Hotela yoti mlendo amadya, kumwa ndi kukwera boti mkati mwa mpanda, zakudya zake n'kumachokera ku mashopu a mumzinda, ingalandire zambiri koma wosema ziboliboli, wa kabaza ndi mnyamata woperekeza alendo ku chilumba cha Thumbi osaonapo kanthu. Loji yaing'ono ya ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, imalandira zochepa, koma mlendo wake amayenda m'mudzi ndi chikwama chake.

Kuti mbali zonsezi zimveke, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa momwe zikhudzire chilengedwe ndi anthu. Kauniuniyu amamutcha ESIA, ndipo amavomerezedwa ndi bungwe la boma loona zachilengedwe la MEPA. Mkati mwake muyenera kukhala misonkhano ndi anthu okhudzidwa, ndipo m'pamene mudzi ungapemphe kuti njira yopita kumadzi ndi doko zilembedwe pa mapu, osati kungolonjezedwa pakamwa. Ntchito ya madzi a m'mipope ya ku Nkhudzi Bay inaonetsa kuti ngakhale chitukuko chimene anthu akuchifuna chingabutse mkangano: midzi ndi malo ogona alendo zinkafuna madzi aukhondo, pamene oteteza chilengedwe ankadandaula ndi thanki yomangidwa paphiri la mkati mwa paki.

Mukukonzera mlendo uti?

Alendo a kunyanja si amodzi. Wa msonkhano amafuna holo yozizira, intaneti yosaduka, magetsi ndi zipinda zambiri zofanana. Banja la ku Lilongwe lobwera Loweruka limafuna mtengo wofikirika, malo owotchera nyama, poimika galimoto ndi madzi osaya a ana. Wachikwama kumsana amafuna bedi yotchipa yaukhondo ndi anthu ocheza nawo. Wolipira madola mazana angapo usiku umodzi ku Likoma amafuna kuti asamve jenereta kapena chimkuzamawu cha woyandikana naye. Khamu la Lake of Stars kapena Sand Music Festival limadzaza gombe masiku atatu n'kuchoka. Kukonzera mmodzi kumathamangitsa wina, ndipo loji imene yakweza mtengo kuchoka pa K100,000 kufika pa K135,000 ingataye mabanja amene ankaidzaza isanapeze alendo atsopano.

Zinanso sizili m'manja mwa mwini loji. Mlendo wotsika ndege ku Lilongwe kapena Blantyre amafika ku Mangochi patatha maola angapo pamsewu, ndipo mlatho umodzi ukakokoloka pa M5 nthawi ya mvula, mabuking'i a gombe lonse amafafanizika. Zinyalala za mapulasitiki, chipatala chapafupi, chitetezo ndi netiweki ya foni ndi ntchito za khonsolo, boma ndi makampani ena. Zosintha zina zotchipa zimabweza msanga kuposa zomangamanga: kulandira malipiro pa Airtel Money, Mpamba ndi khadi, kuyankha uthenga wa WhatsApp tsiku lomwelo, zithunzi zoona za zipinda, maneti a udzudzu osabooka, ndi wophika wophunzitsidwa bwino.

Amene asankha kukonzanso amachepetsa chiopsezo pogawa ntchito. Amatseka zipinda zinayi kapena zisanu m'miyezi ya alendo ochepa, cha mu Januwale mpaka Malichi, zina zikugwirabe ntchito, ngakhale kuti mvula ya miyezi imeneyo imachedwetsa ntchito za panja ndi kubweretsa zipangizo. Amayamba ndi chipinda chimodzi chachitsanzo, n'kugonekamo alendo enieni milungu ingapo kuti zolakwika zioneke, monga shawa yothira madzi pakhomo kapena soketi yobisika kuseri kwa bedi, asanazibwereze m'zipinda 20. Kenako amayerekeza RevPAR ya zipinda zokonzedwa ndi ya zakale kwa nyengo yathunthu, ya alendo ambiri ndi ya alendo ochepa, asanapite kubanki kukatenga gawo lachiwiri la ngongole.